Nsomba Zikamayandama Kukamwa Yasa M'bandakucha: Kuthana ndi Madzi Obiriwira Mopitirira M'damu

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi chaka chilichonse, makamaka kuyambira Okutobala mpaka mvula yoyamba. Dzulo masana damu linali bwino, madzi obiriwira, nsomba zikulimbirana madeya. Lero m'bandakucha zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, zambiri zaunjikana pomwe madzi amalowera. Dzuwa likakwera, cha m'ma 8 koloko, zimamira n'kuyambanso kusambira ngati palibe chachitika, mwini damu n'kumati zimangosewera. Zikatero masiku atatu kapena anayi, m'mawa wina amapeza zikuluzikulu zija zili chagada m'mphepete.

Ambiri amayamba kuganizira matenda, ena amakayikira mnansi kuti wathira mankhwala. Zonsezo zimachitika ndithu, koma nthawi zambiri chapha nsomba ndi kutha kwa mpweya wa okosijeni m'madzi usiku, ndipo chautha ndi manyowa, feteleza ndi chakudya chimene mwini wake wakhala akuthira ndi cholinga chabwino.

Zimene zimachitika m'madzi dzuwa likalowa

Kubiriwira kwa madzi a m'damu ndi tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso patokhapatokha, tomwe akatswiri amatitcha phytoplankton. Ndito chakudya chenicheni cha makumba ndi chambo, ndiponso cha tizilombo ta m'madzi tomwe ana a nsomba amadya. Kuti tichuluke timafuna dzuwa ndi michere iwiri makamaka, nayitirojeni ndi fosiforasi. M'thupi mwake, pa makilogalamu pafupifupi 7 alionse a nayitirojeni pamakhala kilogalamu imodzi yokha ya fosiforasi, choncho fosiforasi wochepa chabe amakwanitsa kusintha mtundu wa damu lonse.

Masana tizomerati timapanga okosijeni wambiri, nthawi zina woposa amene madzi angasunge, moti wina amathawira m'mwamba. Usiku kupanga kumaima koma kupuma sikuima. Tizomerato timapuma, nsomba zimapuma, mabakiteriya amene akuwoletsa zitosi ndi madeya otsala m'matope akupumanso. M'damu lobiriwira kwambiri, gawo lalikulu la okosijeni wa usiku limathera kwa tizomera ndi matope, nsomba zimangotenga kagawo. N'chifukwa chake mpweya umakhala wochuluka cha m'ma 3 koloko masana n'kumatsika usiku wonse, kufika pansi penipeni dzuwa litatsala pang'ono kutuluka.

Nkhokwe yake ndi yaing'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Madzi a madigiri 20 amasunga mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni pa lita, a madigiri 25 amasunga 8, a madigiri 30 amasunga 7.5, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe, Dedza kapena Mzuzu ziwerengerozi zimatsikanso. Tengani damu la mamita 10 m'lifupi, 20 m'litali, lakuya mita imodzi. Muli malita 200,000. Ngati lita iliyonse ili ndi mamiligalamu 5, damu lonselo lili ndi kilogalamu imodzi yokha ya okosijeni, yoti zamoyo zonse zigawane mpaka kuche. Kukatentha madzi amasunga wochepa, pomwe nsomba ndi mabakiteriya akufuna wambiri. Nsomba za mtundu wa chambo zimadya ndi kukula bwino okosijeni akakhala pamwamba pa mamiligalamu 4 kapena 5. Akatsika pansi pa 2 zimasiya kudya, akafika cha pa 1 zimakwera kudzameza kamadzi ka pamwamba penipeni kamene kakukhudzana ndi mphepo.

Kusiyanitsa vuto la mpweya ndi mavuto ena

Musanachite kanthu, yang'anani nthawi, kukula kwa nsomba zomwe zafa, ndi zamoyo zina za m'damumo. Ngati vuto likuoneka pakati pa 4 ndi 7 koloko m'mawa n'kutha dzuwa likawala, ndi mpweya. Kusowa kwa mpweya kumayamba kupha nsomba zikuluzikulu, ndipo zimafa kukamwa kuli kotsekula, zivindikiro za m'mbali mwa mutu zitatambasuka. Milamba imakhala ili gwa, chifukwa ili ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja. Mukaona chambo ndi makumba zikufa milamba ikungoyendayenda, musavutike kufunafuna mfiti.

Poizoni amaoneka mwina. Amapha nthawi iliyonse, masana kapena usiku, kawirikawiri amayamba ndi tinsomba ting'onoting'ono, ndipo nsomba zimasambira mozungulirazungulira kapena kudumpha ngati zapenga. Achule ndi tizilombo ta m'madzi timafanso. Funsani ngati wina watsukira sipuleya kumtunda kwa ngalande. Mankhwala opopera mbewu monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atalowa ochepa kwambiri. Onaninso masamba amene mwaika mu kakhola kowoletsera manyowa pangodya ya damu: ombwe ndi wabwino m'munda, koma masamba ake ndi poizoni wa nsomba ndipo sayenera kufika m'damu.

Matenda amapha pang'onopang'ono, ziwiri lero, zisanu mawa, ndipo nsomba zimakhala ndi zizindikiro pathupi. Matenda a zilonda zofiira zonyeka a EUS, amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, amakonda nyengo yozizira. Mukaona zilonda zotere dziwitsani alangizi a zansomba, ndipo musasamutse nsomba, ukonde kapena madzi kupita kudamu lina.

Zoyenera kuchita m'mawa womwewo

Siyani kudyetsa. Nsomba ikadya imafuna okosijeni wochuluka kuti igaye chakudyacho, ndipo chimene sichinadyedwe chimakawola pansi. Nsomba sizifa ndi njala ya masiku awiri kapena atatu, makamaka m'madzi obiriwira. Siyaninso manyowa ndi feteleza, ndipo ngati muli ndi kakhola ka manyowa pangodya kapena thumba la zitosi lomwe munamiza, litulutseni.

Kenako lowetsani madzi atsopano. Asalowe mwakachetechete pansi pa madzi. Kwezani paipi kapena ngalande kuti madzi azigwa kuchokera m'mwamba, agwere pa miyala, pa lata lobooledwa kapena pa mphasa ya nsungwi kuti amwazike. Kumwazikako n'kumene kumalowetsa mpweya. Izi n'zofunika kwambiri pa madzi a pachitsime kapena pamjigo, chifukwa madzi ochokera pansi pa nthaka amakhala ndi okosijeni wochepa ngakhale amaoneka oyera. Madzi a pampopi a m'tauni ali ndi klorini, musawathire mwachindunji.

Potulutsa madzi akale, tulutsani a pansi. Madamu ambiri ali ndi paipi yotayira madzi osefukira pamwamba, ndiye mukalowetsa madzi abwino, amene amatuluka ndi a pamwamba omwe ali ndi mpweya, oipa a pansi n'kutsala. Valikani paipi yokulirapo kunja kwa paipi yoimirira ija, yotalika kuposa madzi, yokhala ndi mipata kumunsi kwake, kuti madzi otuluka azikokedwa kuchokera pansi. Ngati zimenezo palibe, hozipaipi yokoka madzi kuchokera mbali yakuya imagwira ntchito. Kusintha gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi, kapena limodzi mwa atatu zinthu zikavuta, kumakwanira tsiku loyamba. M'damu lakuya mita imodzi, kumeneko ndi kutsitsa madzi masentimita 20 mpaka 30 n'kubwezeretsa.

Kumene kulibe madzi olowetsa, ndipo m'mwezi wa Okutobala madamu ambiri amakhala otero, gwiritsani ntchito madzi omwe alimowo. Pampu ya injini kapena ya thiredo ikoke madzi masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pamwamba n'kuwaponya m'mwamba kuti agwerenso m'damu ngati mvula. Kamwa la paipi yokokera lisagunde pansi. Popanda pampu, anthu atatu kapena anayi aime m'mbali ndi ndowa, azitunga n'kumwaza, kapena azimenya pamwamba pa madzi ndi nsungwi. Sizipulumutsa damu lonse, koma zimapanga kachigawo ka mpweya komwe nsomba zimathawirako mpaka dzuwa litatuluka.

Cholakwika chimene chimapha nsomba zambiri pa nthawiyi ndi kulowa m'damu. Anthu amalowa kuti avundule madzi kapena akoke ukonde, mapazi n'kutakasa matope akuda a pansi. Matope amenewo alibe mpweya ndipo amasunga gasi wonunkha ngati dzira lovunda, hydrogen sulphide, amene ndi poizoni kwa nsomba. Akavunduka amameza okosijeni wotsalayo nthawi yomweyo. Nsomba zakufa zitoleni muli kumtunda, ndi kaukonde ka pamtengo. Ngati mwaganiza zochepetsa nsomba, dikirani mpweya ubwerere, ndipo zimene mwagwira zikhale zopita kumsika, osati zobwezera m'madzi.

Usiku wotsatira musagone tulo tofa nato. Pitani ndi tochi cha m'ma 2 kapena 3 koloko. Nsomba zikayamba kukwera nthawi imeneyo, ndiye kuti pofika 5 koloko zinthu zidzakhala zitaipa, yambani kumwaza madzi pomwepo.

Kuyeza kubiriwira

Makina oyezera okosijeni ndi odula, koma kubiriwira kumayezeka ndi mkono. Pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, dzuwa lili kumsana kwanu, vikani mkono molunjika pansi chikhatho chitapindikira m'mwamba. Chikhatho chikamazimiririka madzi atafika cha pa chigongono, damu lili bwino. Chikasowa madzi asanafike pakati pa dzanja ndi chigongono, michere yachuluka. Chikamaonekabe madzi atadutsa chigongono kulowera kuphewa, damu lili ndi njala.

Amene akufuna muyeso wokhazikika apange kambale koyezera, komwe akatswiri a za nyanja amakatcha Secchi. Dulani chivindikiro cha chidebe kapena thabwa lozungulira masentimita 20 m'mimba mwake, ligaweni panayi, pentani zigawo ziwiri zoyera ndi ziwiri zakuda mosinthanitsa, likhomereni kunsonga ya ndodo yolembedwa masentimita. Tsitsani mpaka lisaoneke, werengani, likwezeni mpaka lionekenso, werengani, tengani pakati pa ziwerengero ziwirizo. Masentimita 30 mpaka 45 ndi abwino. Pakati pa 20 ndi 30 lekani kuthira manyowa ndipo muzipita kudamu m'bandakucha. Pansi pa 20 sinthani madzi ngakhale nsomba zisanayambe kuyandama. Kupitirira 50 kapena 60, onjezerani manyowa. Yezani kawiri pa sabata, malo omwewo, munthu yemweyo, n'kulemba m'kope. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Chofunika ndi kumene ikulowera: 40, 33, 26 m'masiku khumi ndi chenjezo lokwanira.

Muyesowu umagwira ntchito pa madzi obiriwira okha. Madzi ofiirira ndi dothi amabisanso chikhatho, koma nkhani yake ndi ina. Tungani madzi m'botolo loonekera, liikeni pamthunzi tsiku limodzi. Dothi lolemera limadikha pansi. Ngati madzi akhalabe ngati tiyi wamkaka, ndi dongo losalala lomwe silidikha lokha.

Kumene michere yochulukayo imachokera

Manyowa ndiwo oyamba. Muyeso woyambira ndi magalamu 50 a manyowa ouma pa sikweya mita iliyonse pa sabata, kutanthauza makilogalamu 10 pa damu la 10 kwa 20 lija. Zitosi za nkhuku ndi ndowe za nkhumba ndi zamphamvu kuposa ndowe za ng'ombe, ndiye ndi zitosi yambani ndi theka la muyesowo muone mmene madzi akuyankhira. Vuto limabwera mlimi akasesa khola lonse n'kukhuthulira wilibala ziwiri tsiku limodzi kuti asavutikenso mwezi wonse. Manyowa a mwezi akalowa tsiku limodzi, mabakiteriya amawagwirira ntchito onse nthawi imodzi. Gawani muyeso wa sabata kuti muzithira pang'ono tsiku lililonse kapena masiku awiri alionse, m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo. Amene anamanga khola la nkhuku kapena la nkhumba pamwamba pa damu akumbukire kuti ziweto zikamakula zitosi zimachulukanso. Khola limene linali loyenera anapiye limalemetsa damu nkhukuzo zikakula, ndipo pamafunika lata kapena thabwa lotchingira zitosi madzi akabiriwira kwambiri.

Feteleza wa m'sitolo sawola, choncho sadya mpweya mwachindunji, koma amabiriwitsa msanga ndipo n'kosavuta kupyola muyeso. Magalamu 3 a yureya ndi 2 a DAP pa sikweya mita pa sabata ndi poyambira pabwino: magalamu 600 ndi 400 pa damu lathu lija. Musungunuleni kaye mu ndowa n'kumwaza madziwo pamwamba ponse. Mukaponya wa mibulu amamira, fosiforasi n'kugwidwa ndi matope. Mlimi amaona kuti madzi sanasinthe, amawonjezera, amawonjezeranso, kenako nyengo yotentha matope aja akasowa mpweya amamasula fosiforasi yense anasungidwa uja, damu n'kubiriwira mopitirira popanda wathirapo kanthu sabata imeneyo.

Chakudya nachonso ndi feteleza, ngakhale ambiri sachiwerengera. Pa nayitirojeni amene ali m'chakudya, nsomba imasunga m'thupi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, wotsalayo amathera m'madzi. Madeya ndiwo amavuta kwambiri chifukwa ambiri amamwazika n'kumira osadyedwa. Nsomba 600 za magalamu 100 iliyonse ndi makilogalamu 60. Pa 2 kapena 3 peresenti ya kulemera kwake, chakudya cha tsiku ndi kilogalamu 1.2 mpaka 1.8, chogawidwa kawiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana. Damu lopanda madzi oyenda likafika pa muyeso umenewu, manyowa achepetsedwe kwambiri kapena asiyidwe, chifukwa chakudya chokha chikukwanitsa kale kubiriwitsa madzi. Dyetserani malo amodzi, ndipo chimene chatsala pakatha mphindi 20 chikuuzani kuti mawa muchepetse. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 20, nsomba zimadya pang'ono kwambiri. Wopitiriza muyeso wa nthawi yotentha amangounjika madeya pansi, ndipo amadzawola mu Okutobala.

Palinso chiwerengero cha nsomba. Popanda makina olowetsa mpweya, nsomba 2 kapena 3 pa sikweya mita ndi zokwanira. Koma makumba amaswana m'damu akadali aang'ono, ndipo pakatha miyezi inayi amene anaika 600 amakhala ndi zikwi, ngakhale iye amawerengabe 600. Kokani kaukonde ka maso ang'onoang'ono m'mbali mosaya masabata awiri kapena atatu alionse kuti muchotse ana.

Madzi akasintha mtundu mwadzidzidzi

Choopsa kuposa kubiriwira ndi kutha kwa kubiriwirako tsiku limodzi. Tizomera tikachulukitsa timatchingirana dzuwa, ndipo kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu, monga nthawi ya chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje kapena mvula ya mvumbi, timafa tonse pamodzi. Madzi amasanduka abulauni, otuwa kapena akuda, nthawi zina amayera mbee, ndipo amamveka fungo. Apa wopanga mpweya wafa, ndipo mtembo wake ukudya mpweya. Nsomba zimayandama ngakhale masana. Chitani zonse zanenedwa pamwambapa, koma konzekerani kulimbana nazo masiku atatu mpaka asanu, mpaka madzi ayambenso kubiriwira. Kukachita mitambo tsiku lachiwiri, chepetsani chakudya ndi theka musanaone chizindikiro chilichonse.

Mvula yoyamba ili ndi msampha wake. Masana otentha opanda mphepo, madzi a pamwamba amafunda n'kupepuka, a pansi amakhala ozizira ndi olemera, ndipo awiriwa sasakanikirana. A pansi aja amatha mpweya. Kukagwa chimvula chozizira ndi mphepo, madzi a pamwamba amazizira mwadzidzidzi n'kumira, damu lonse limatembenuka, ndipo mpweya wochepa uja umagawidwa ponse. Zimachitika kwambiri m'madamu akuya kupitirira mita imodzi ndi theka. Kutulutsa madzi a pansi pang'onopang'ono m'masabata otentha mvula isanayambe kumachepetsa ngoziyi. Kumbaninso ngalande kumtunda kwa damu kuti madzi othamanga ochokera m'munda wothiridwa feteleza, m'khola kapena kuchimbudzi alambalale.

Nyanja ya Malawi imachita zomwezi pamlingo waukulu. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita pafupifupi 250 kutsika pansi mulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Michere yambiri ili m'madzi a pansiwo, n'chifukwa chake pamwamba pamakhala poyera moti munthu amaona miyala ili patali pansi. Mwera ukamawomba kuyambira Meyi mpaka cha mu Seputembala, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ozizira okhala ndi michere n'kukwera cha kumwera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha ku Mangochi chimakhalira ndi nsomba zambiri. M'nyanja yaikulu chonchi kukwera kwa michere kumadyetsa nsomba. M'damu la mita imodzi mulibe madzi okwanira kusungunula zoipa zochokera pansi.

Utoto woyandama ndi ndere

Nthawi zina pamwamba pamayandama zinthu ngati penti wobiriwira wothira pamadzi, zomwe mphepo imaunjika kungodya imodzi, zonunkha ngati dothi lonyowa kapena udzu wovunda. Amenewa ndi mabakiteriya obiriwira otchedwa cyanobacteria. Amakonda madzi otentha, odikha, a fosiforasi wambiri, ndipo ena amatha kutenga nayitirojeni mumpweya, choncho kusiya yureya kokha sikuwathetsa. Amatchinga dzuwa, amapatsa nsomba fungo la matope, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Ku nyanja ya Chivero ku Zimbabwe, kumene zonyansa za mumzinda wa Harare zakhala zikuthira michere kwa zaka zambiri, zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa mu Disembala 2024 zitamwa madzi otere. Musamwetse mbuzi, ng'ombe kapena agalu madzi a damu lomwe lili ndi utotowu. Ukokereni kungodya ndi nsungwi yoyandama, uwoleni ndi ndowa kapena nsalu n'kukautaya kutali, siyani DAP ndi zitosi, sinthani madzi. Musathire mankhwala opha ndere monga copper sulphate m'damu lodzaza nsomba: zonse zimafa tsiku limodzi n'kubweretsa vuto la mpweya lija, ndipo m'madzi opanda laimu wokwanira mankhwalawo amaphanso nsomba.

Kansalu kofiira kamene kamaoneka pamwamba pa madzi masana n'kuzimiririka madzulo ndi tizamoyo totchedwa Euglena. Tizamoyoti sitipha nsomba kawirikawiri, koma timasonyeza kuti m'madzi muli zowola zambiri.

Ndere zazitali ngati ulusi ndi udzu womera pansi zimabwera madzi akakhala oyera ndi osaya, dzuwa likumafika pansi. Mukathira feteleza zilipo, ndizo zimadya, madzi osabiriwira. Zizuleni ndi manja kaye, kwezani madzi kuti mbali yosaya isachepere masentimita 50 kapena 60, kenako thirani manyowa. Chilunguni chimadya zomera zofewa ndipo chimathandiza. Namasupuni musamulole n'komwe. Amaphimba madzi m'masabata ochepa, ndipo ndi yemwe uja amavutitsa mumtsinje wa Shire mpaka kutseka makina amagetsi ku Nkula.

Nsomba zikafooka masana, osati m'mawa

Ili ndi vuto lina la madzi obiriwira lomwe ambiri salidziwa. Masana tizomera timayamwa mpweya wa carbon dioxide m'madzi, asidi amachepa, ndipo pH, nambala yoyezera asidi m'madzi, imakwera, nthawi zina kupitirira 9 cha m'ma 3 koloko. Nsomba zimatulutsa m'thupi zoipa zotchedwa amoniya, manyowa ndi yureya zimawonjezera. Amoniya ali m'mitundu iwiri, wina wosavulaza kwenikweni, wina wapoizoni, ndipo pH ndi imene imagamula kuchuluka kwa wapoizoniyo. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7 wapoizoni safika 1 peresenti, pa 8 ndi pafupifupi 5 peresenti, pa 9 amaposa gawo limodzi mwa atatu. Madzi omwewo amene anali abwino m'mawa amaluma masana. Nsomba zimakana chakudya cha masana, zimangoima m'mbali, sizikula. Timapepala toyezera pH n'totsika mtengo: yezani m'bandakucha ndi 3 koloko masana. Pakati pa 6.5 ndi 9 nthawi zambiri palibe nkhawa. Ikamadumpha kuchoka pa 6.5 m'mawa kufika 9.5 masana, madziwo alibe laimu wokwanira woletsa kusinthasinthako.

Mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, wa miyala yongoperedwa, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita, kapena makilogalamu 20 mpaka 40 pa damu lathu lija. Amagwira bwino akamwazidwa pansi damu litaphwetsedwa. Musamusokoneze ndi laimu wootcha wopakira nyumba. Ameneyo amakweza pH mwamphamvu nthawi imodzi ndipo amapha nsomba. Ntchito yake ndi kupha tizilombo m'damu lopanda nsomba, ndipo pamafunika kudikira masabata awiri musanaike mbewu ya nsomba. Laimu ndi feteleza wa fosiforasi asalowe pamodzi, chifukwa laimu amamanga fosiforasi n'kumumiza. Siyanitsani ndi sabata imodzi kapena awiri.

Damu lokana kubiriwira

Mlimi wina vuto lake ndi losiyana: wathira manyowa mwezi wathunthu, madzi ali mbee. Asanawonjezere muyeso, aone ngati madzi sakungodutsa. Damu lomwe madzi amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku limatsuka michere yonse kupita kumtsinje. Tsekani polowera, muzingobwezeretsa amene aphwa. Chachiwiri ndi dothi la asidi, lofala m'madambo, lomwe nthawi zina limaoneka ndi madzi a dzimbiri otuluka m'mbali. Pamenepo manyowa sagwira mpaka laimu atathiridwa. Chachitatu ndi dongo lija losadikha, lomwe limatchinga dzuwa ngati mmene zimakhalira pa nyanja ya Chilwa, yosaya, yomwe mphepo imavundula matope ake nthawi zonse. Dzalani udzu wa vetiva kapena kapinga m'zipupa, ikani kadzenje kodikhitsira dothi madzi asanalowe, letsani ng'ombe kumwera m'damu, ndipo laimu wa ulimi kapena udzu wouma womangidwa mitolo m'mbali umathandiza kuti dongolo limire. Mitengo yotchinga dzuwa la kum'mawa isadzidwe.

Ngozi ya damu lotere ndi yakuti manyowa onse aja alipobe pansi. Tsiku limene chotchinga chachoka, kubiriwira kumabwera kwamphamvu, ndiye mukakonza vutolo bwererani ku muyeso woyambira, osapitiriza wowonjezera uja.

Mukakolola

Vuto likamabwerera chaka ndi chaka pa damu lomwelo ngakhale muyeso wa chakudya ndi manyowa uli bwino, gwero lake lili m'matope. Phwetsani damu lonse. Matope akuda onunkha akapitirira masentimita 10 mpaka 15, achotseni ndi fosholo kufika pa dothi lolimba, osakumba dongo lomwe limasunga madzi. Siyani pansi paume sabata imodzi kapena awiri mpaka pang'ambike ming'alu, kuti mpweya ulowe n'kumaliza kuwoletsa zotsalira. Mwazani laimu, lowetsani madzi masentimita 30 mpaka 40, thirani manyowa, dikirani masiku 7 mpaka 14 kuti abiriwire, dzazani, kenako ikani mbewu ya nsomba.

Matope mwachotsawo ndi madzi obiriwira mumatulutsa aja apite kudimba. Mpiru, tomato ndi nthochi zimakondwa nawo, ndipo feteleza wogula amachepa. Mukawatayira mumtsinje, michereyo imakabiriwitsa damu la mnzanu wa kumunsi, yotsalayo n'kupitirira. Madzi a mumtsinje wa Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima, ndipo nyanjayo ili ndi potulukira pamodzi pokha, Shire, pomwe madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi n'kusiya fosiforasi momwemo. Ngalande yotulutsira madzi ikumbidwe molunjika kumabedi a ndiwo zamasamba, ndipo kumapeto kwake kukhale kadzenje kodzalidwa nthochi kapena vetiva kogwira madzi otsala.